KODI MFUTI YA MPWEYA INGABOOLE TAYALA LA NGOLO KAPENA LA THIRAKITALA?

Alimi anzanga, sabata ino tiyeni tipume kaye pa nkhani za feteleza ndi manazale, tikambirane za matayala. Nkhaniyi ndaitola pakhomo panga pomwe, kuno ku chigwa cha Henga m'boma la Rumphi, ndipo ndiyambe ndi kuvomera kuti wopalamula m'nkhaniyi ndinali ine mwini.

Munali m'mwezi wa Meyi chaka cha 2024. Ndinali nditadinda mabelo 5 a fodya wa bale ndipo madzulo tinawakweza pa ngolo kuti m'mamawa tingomanga ng'ombe n'kunyamuka. Lole yopita ku okushoni ku Mzuzu inati idzatidikira pa msewu wa M1, pafupi ndi Phwezi. Tambala woyamba atalira ndinatuluka ndi tochi, koma ndinapeza ngolo itapendekeka. Tayala lakumanzere linali litaphwa lonse, rimu itatsala pang'ono kukhudza dothi. Chonsecho dzulo lake linali bwinobwino.

Ngolo yanga imagona pansi pa mtengo wa mango, m'malire mwa ine ndi mnansi wanga. Mnansi wangayo ali ndi mnyamata wa zaka 14, amene asibweni ake, ndiye kuti malume ake m'chilankhulo cha anzathu a kumwera, anamubweretsera mfuti ya mpweya kuchokera ku Johannesburg pa Khirisimasi. Madzulo a tsiku lomwe tinakweza fodya ndinamumva mnyamatayo akuombera njiwa mu mtengo womwewo. Sindinafufuzenso zambiri. Kusanache n'komwe ndinali kale pakhomo pa anzanga.

“Adada, mwana wanu wandiboolera tayala,” ndinatero, moni osapereka.

“Pepani adada,” anayankha iwo modekha, “koma mwaona ndi maso anu?”

Mnyamata uja atadzutsidwa anati, “Asekuru, ine ndimaloza m'mwamba komwe kunali njiwa. Ku ngolo sindinalozeko ayi.” Ine ndinamuuza kuti akunama, ndipo ndinaonjeza mau ena okhudza katundu wa ku Joni ndi makolo olekerera ana, mau amene sindingawabwereze pa tsamba lino. Ndinalonjeza kuti nkhaniyo ikathera kwa afumu. Lole inapita osatitenga.

Tsiku lomwelo ndinamasula gudumu, kulimanga pa njinga, ulendo wa kwa womata matayala pa malo ochitira malonda. Munthuyo atachotsa chubu anachipopa pang'ono n'kuchimiza m'beseni la madzi. Tinthubwinthubwi tinatuluka pa malo amodzi, pa kabowo kochepa ngati kolasa ndi singano. Kenaka anapisa dzanja m'kati mwa tayala, kusisita pang'onopang'ono, mpaka chala chinakodwa. Ndi pulayazi anasolola munga wa mtengo wa msangu, wothyoka, wotalika ngati theka la chala. Mungawo unalowa masana pamene tinkatuta mapesi kumunda wa kumtsinje, ndipo mabelo atakhala pamwamba usiku wonse mpweya unatha.

Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ine sindinadekhe. Komabe funso linatsala m'mutu mwanga, ndipo nditapita kukapepesa ndinapeza kuti mnansi wanganso linkamuvuta: kodi mnyamata uja akanakhala kuti analozadi ku ngolo, tayala likanaboka? Funso lomweli ndalimva kwa alimi ena, makamaka amene amachita hayala thirakitala ndipo amaopa kuti ikaonongekera m'munda mwawo adzalipitsidwa. Tsono tiyeni tiliyankhe bwinobwino.

Mfutiyi ndi mphamvu zake

Mfuti ya mpweya sigwiritsa ntchito onga. Yambiri imene timaiona m'midzi muno ndi ija yothyola pakati. Ukathyola mpope wake umapanikiza sipuling'i yolimba imene ili m'kati, ndipo ukakoka chowombera sipuling'iyo imakankha mpweya, mpweyawo n'kutulutsa kachipolopolo. Kachipolopoloko n'ka mtovu, kali ndi mutu kutsogolo, chiuno chopyapyala pakati, ndi kasiketi kopanda kanthu kumbuyo. Pali misinkhu iwiri yodziwika. Wina ndi wa mamilimita 4.5, umene pa chitini amalemba .177, ndipo kamodzi kamalemera pafupifupi theka la galamu. Wina ndi wa mamilimita 5.5, wolembedwa .22, umene kamodzi kamayandikira galamu imodzi.

Akatswiri amayeza mphamvu ya chinthu chothamanga mu ma joule. Kachipolopolo ka theka la galamu kakatuluka pa liwiro la mamita 200 pa sekondi, kamakhala ndi ma joule 10. Kuti mumvetse, nyamulani paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi n'kuigwetsa kuchokera pa msinkhu wa mita imodzi. Mphamvu imene paketiyo yafika nayo pansi ndi yomweyo, pafupifupi ma joule 10. Kusiyana kwake n'kwakuti ya kachipolopolo yonse imathera pa malo ochepa ngati njere ya mapira, n'chifukwa chake imapha njiwa ndi khoswe.

Tsono yerekezani ndi mfuti yeniyeni yaing'ono kwambiri ya onga, imenenso imatchedwa .22. Chipolopolo chake chimalemera magalamu 2.6 ndipo chimathamanga mamita 350 pa sekondi kapena kuyandikira pamenepo, zimene zimapereka ma joule oposa 150. Apa mukuona kuti ngakhale nambala ya pa chitini ndi imodzi, ya onga imaposa ya mpweya kutalitali. Anthu ambiri amasokonezeka pa nambala imeneyi. Akamva kuti mfuti ya mwana ndi .22 amaganiza kuti ndi ija imene alenje amaphera gwape.

Chinthu china n'chakuti mtovu ndi wofewa, mungathe kuukanda ndi chikhadabo. Kachipolopolo kakamenya chinthu cholimba kamaphwatalala, ndipo mphamvu yambiri imathera pa kuphwatalalako. Komanso poti n'kopepuka ndiponso kali ndi kasiketi kokoka mphepo, liwiro lake limatsika msanga. Mphamvu imene kali nayo pakamwa pa mfuti si imene kali nayo pa mapazi 40.

Koma si mfuti zonse za mpweya zili choncho, ndipo apa alimi timvetsetsane. Kuli mtundu wina umene uli ndi kathanki pansi pa mpope, kodzazidwa ndi pampu yapadera kufika ma bar 200. Kumbukirani kuti tayala la galimoto limapopedwa ma bar 2 kapena 2.5 basi. Mtundu umenewu amautcha PCP, ndipo zina mwa mfuti zimenezi zimafika ma joule 40, zazikulu zake kuposerapo kutalitali. Ku England mfuti ya mpweya yopitirira ma joule 16 imafuna chiphaso ngati mfuti ina iliyonse, ndipo ku Germany malire ake ndi ma joule 7.5. Ku South Africa lamulo lawo la mfuti la chaka cha 2000 silifuna chiphaso pa mfuti ya mpweya yochepera mamilimita 5.6, n'chifukwa chake abale athu ogwira ntchito kumeneko amazigula m'sitolo mosavuta n'kuona ngati ndi mphatso yabwino ya mwana. Ndipo musaganize kuti mfuti za mpweya zinayambira pa masewera. Asilikali a dziko la Austria ankamenya nazo nkhondo kuyambira cha m'ma 1780.

Mmene tayala linapangidwira

Tayala si mphira wokhawokha. M'kati mwa mphira muli nsalu za ulusi wolimba wa nayiloni kapena wofanana nawo, zosanjikizana. Mukayang'ana m'mbali mwa tayala mupeza zilembo monga 6 PR kapena 8 PR. Nambala imeneyi ikamakula ndiye kuti thupi la tayalalo n'lolimba kwambiri ndipo lingasenze katundu wochuluka. Matayala ambiri a galimoto a masiku ano ndi a mtundu wa radial, umene kampani ya Michelin ya ku France inalembetsa m'chaka cha 1946. Amenewa ali ndi lamba wa mawaya achitsulo pansi pa mbali yoponda pansi. Munaonapo mawaya aja amatulukira tayala likatha kwambiri, amene amatilasa m'manja tikamapanga nkhwaira. Koma m'mbali mwake mulibe lambayo. M'mbalimo ndi mopyapyala dala, kuti tayala lizitha kupindika poyenda.

Tayala lakumbuyo la thirakitala ndi nkhani ina. Tengani Massey Ferguson 135, thirakitala yakale ija yofiira imene ambiri tinakula tikuiona m'maesiteti a fodya. Kumbuyo imavala 12.4-28 ndipo kutsogolo 6.00-16. Mano a tayala lakumbuyo ndi mphira wokhuthala masentimita angapo. Pakati pa mano pamakhalanso mphira wochindikala chifukwa linapangidwa kuti liziponda zitsa ndi miyala tsiku ndi tsiku. Mpweya wake ndi wochepa, bar imodzi kapena imodzi ndi theka, kotero kuti likamenyedwa limabonya n'kubwerera. Ena amathiramo madzi kufika magawo atatu mwa anayi kuti thirakitala ilemere, isamaterereke pokoka pulawo.

Kubonya kumeneku ndiko chinsinsi cha nkhani yonse. Munga ndi msomali zimaboola tayala chifukwa n'zosongoka, ndipo kulemera konse kwa ngolo kumazikankha pang'onopang'ono, kubwereza nthawi iliyonse gudumu likazungulira. Kachipolopolo ka mtovu n'kobuntha, n'kofewa, ndipo kamamenya kamodzi kokha. Mphira umakalandira, kubonya, n'kukabweza.

Zimene tinaona ndi maso

Mnansi wanga ndi munthu wosakonda kutsutsana ndi pakamwa. Loweruka lina anatenga mfuti ija, ine ndinapempha matayala akutha kwa womata uja, ndipo tinapita kuseri kwa chulu kumene kunalibe ana kapena ziweto. Mfutiyo inali yothyola, ya mamilimita 4.5. Woombera anali bamboyo, pa mtunda wa mapazi 15.

Pa tayala lakumbuyo la thirakitala, kachipolopolo kanangosiya kadontho kotuwa pa dzino la tayala. M'mbali mwake chimodzimodzi. Pa tayala la pikiapu, mbali yoponda pansi, kamodzi kanakanirira m'mzere wa mphira ndipo tinakatokosa ndi kamtengo, kataphwatalala ngati batani. M'mbali mwa tayala lomwelo kanasiya chipsera koma sikanalowe. Titafika pa tayala la njinga yakapalasa, mpweya unatuluka nthawi yomweyo. La wilibala nalonso linaphwa. Lomaliza linali tayala lofanana ndi la ngolo yanga, lakale, losalala ngati chipande, long'aluka m'mbali chifukwa cha dzuwa. Awiri oyamba anabwerera, koma kachitatu kanapeza mng'alu ndipo kanalowa mpaka kuonekera m'kati.

Ndiye yankho ndi ili. Mfuti wamba ya mpweya singaboole tayala labwino lakumbuyo la thirakitala, ndipo n'zovuta kwambiri kuti iboole mbali yoponda pansi ya tayala la galimoto kapena lole. Njinga, wilibala ndi tayala lakutha la ngolo, izo zili pa ngozi. Mfuti ya kathanki ija, ikakhala yamphamvu ndipo woombera ali pafupi, ingathe kulowa m'mbali mwa tayala la galimoto ngakhale lili labwino. Valavu nayo, kachitsulo kopopera kaja, ikamenyedwa ingathyoke pa tayala la mtundu uliwonse.

Koma chimene chinandipangitsa kulemba nkhani ino si zimenezi ayi. Pamene bambo uja anaombera m'mbali mwa tayala la thirakitala, tinamva kuti “tswii” pafupi ndi khutu langa, kenaka “ngwee” pa chitini cha madzi chimene tinachiika kumbuyo kwathu. Kachipolopolo kanabwerera njira yomwe kanadzera. Chitinicho chinabonya. Tinayang'anana osalankhula, ndipo kuyesako tikanayenera kukusiyira pomwepo. Tinapitiriza titabisala kuseri kwa chitseko chakale, koma ndikakumbukira ndimaona kuti unali uchitsiru wa amuna awiri akuluakulu. Musayesere zimenezi kwanu. Ndakuuzani kale zotsatira zake.

Madokotala ofufuza za mabala anapeza kuti kachipolopolo ka mamilimita 4.5 kamaboola khungu la munthu kakamathamanga mamita 100 pa sekondi, lomwe ndi theka chabe la liwiro la mfuti wamba. Diso n'losalimba kuposa khungu, limaphulika ndi liwiro lochepera pamenepo. Mwana amene akuphunzira kuombera amakonda kufuna chandamale, ndipo tayala lakale lopachika pa mtengo limaoneka ngati chandamale chabwino. Tayala silimva kanthu, koma diso la mwanayo kapena la mlongo wake amene waima pambali ndilo limapita. Kuchokera m'midzi ya m'kati mwa Henga kukafika ku chipatala chachikulu ku Mzuzu ndi ulendo, ndipo diso lolowa mtovu kawirikawiri silibwerera. Chandamale chabwino ndi katoni yodzaza nsanza kapena thumba la mchenga, kumbuyo kwake kukhale chulu. Ndipo kachipolopolo koomberedwa m'mwamba kamatha kukagwa mamita oposa 200, kutanthauza kuti ngakhale mnyamata uja ankanena zoona kuti amaloza m'mwamba, nyumba za anthu zinali pafupi mopitirira muyeso.

Musanaloze munthu chala

Tsopano ndifotokoze zimene ndikanayenera kuchita m'mawa uja, zimene womata matayala anandiphunzitsa ine nditakhala pa benchi yake ngati mwana wa sukulu.

Poyamba penipeni yang'anani valavu. Pakani malovu kapena thovu la sopo pakamwa pake. Likatupa ndiye kuti kapini ka m'kati kamasuka kapena kadzadza fumbi, ndipo mwina tayala lilibe bowo lililonse. Matayala ambiri amene timati abooka vuto lake limakhala lomweli, makamaka amene alibe kachivundikiro ka pa valavu. Ngati pali munthu wa nkhanza amene wafuna kukuchedwetsani, njira imene amadzera kawirikawiri ndi yomweyi, osati mfuti.

Valavu ikakhala bwino, tengani choko kapena khala mulembe chizindikiro pa tayala moyang'anizana ndi valavu musanachotse chubu. Chizindikirochi n'chofunika kwambiri. Mukapeza bowo pa chubu, mudzachigoneka pamwamba pa tayala, valavu pa chizindikiro chija, ndipo bowolo lidzakulozerani pamene pali munga kapena msomali. Anthu ambiri amamata chubu n'kuchibwezera, munga uli momwemo, mawa lake tayala laphwanso, kenaka ayamba kuganizira anansi ndi ufiti.

Bowo lenilenilo limanena lokha chimene chalipanga. La munga kapena waya limakhala laling'ono ngati la singano ndipo limakhala kunja kwa chubu, mbali yoponda pansi. Mabowo awiri oyandikana, ngati polumidwa ndi njoka, amatanthauza kuti munayenda ndi mpweya wochepa, ndipo mutagunda mwala chubu chinapanika pakati pa rimu ndi mwalawo. Bowo la mbali ya m'kati, yoyang'ana ku rimu, limabwera ndi dzimbiri la rimu, ndipo pa njinga ndi nsonga ya sipoko. Mng'alu wowongoka, wosalala m'mbali mwake, umenewo ndi mpeni. Chubu chakale chimang'ambikanso chokha m'mphepete mwa chigamba chakale kapena patsinde pa valavu.

Nanga la mfuti ya mpweya? Limeneli ndi losavuta kulizindikira kuposa onse, chifukwa kachipolopolo kakalowa sikakhala ndi mphamvu yotulukira mbali inayo. Kamatsala momwemo. Gwedezani chubu, mudzamva kakulira m'kati. Ngati mulibe, pendekani tayala mukhuthule zonse pa nsalu yoyera. Kunja kwa tayala, pa bowo, pamakhala kadontho kotuwa ka mtovu. Kachipolopoloko mukakapeza muli ndi umboni woti mungapite nawo kwa afumu kapena ku polisi, pakuti kuononga katundu wa mwini mwadala ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Mukapanda kukapeza, tsekani pakamwa.

Pa tayala lopanda chubu, monga la pikiapu, thirani madzi a sopo ponseponse, ndi m'mphepete mwa rimu momwe, muone potuluka thovu. Bowo laling'ono la mbali yoponda pansi limamatika. Koma likakhala m'mbali, tayalalo lisabwererenso pa galimoto yoyenda mu msewu, ngakhale womata atakulonjezani motani. M'mbalimo mumapindika nthawi zonse ndipo chigamba sichigwira. Amene munatsikapo chitunda cha Chiweta ndi katundu mukudziwa kuti si malo oti tayala lakutsogolo likuphulikireni. Tayala lotere lipititseni ku ngolo, kumene ng'ombe sizithamanga.

Tayala la thirakitala lothiridwa madzi likabooka mudzaona ponyowa. Limeneli musalimbane nalo nokha. Limalemera kwambiri moti likakugwerani limathyola mwendo. Ikani jeke pa thabwa lolimba, muikenso zipika pansi pa thirakitala, chifukwa jeke yokha pa dothi la m'munda siyodalirika. Popopa tayala lalikulu lililonse imani chammbali, osati kuliweramira. Makamaka marimu akale a lole aja okhala ndi mkombero wochotseka, mkomberowo ukafwamphuka umapha munthu.

Adani enieni a matayala athu

Nditayenda m'makomo mwa alimi anzanga kuno ku Henga, kuyambira ku Ng'onga mpaka ku Mhuju, ndaona kuti matayala athu amafa ndi zinthu zimene timaziona tsiku lililonse osaziwerengera. Minga ya msangu ndi mthethe ili ponseponse m'minda ya m'mphepete mwa mtsinje wa South Rukuru. Msangu ndi mtengo wabwino, umathira chonde m'nthaka, ndipo sindikuuzani kuti muudule. Koma nthambi zake zikagwa m'njira ya ngolo zitoleni. Zitsa za fodya ndi za chimanga zodulidwa mopendeketsa ndi chikwanje zimauma n'kukhala ngati mikondo. Misomali ndi mawaya a pa chigafa chakugwa zimakwiririka m'dothi zaka zambiri.

Dzuwa nalo ndi mdani. Ngolo zathu zimagwira ntchito kwambiri nthawi yokolola, kenaka zimakhala pa dzuwa la Okutobala ndi Novembala, mphira n'kuuma n'kuyamba kung'aluka. Dizilo ndi oyilo zikatayikira pa tayala zimafewetsa mphira. Ngolo ikakhala nthawi yaitali osayenda ikwezeni pa zipika, matayala muwaphimbe ndi masaka akale. Ndipo katundu asagone pa ngolo usiku wonse ngati mmene ndinachitira ine. Akanakhala kuti mabelo aja anali m'nyumba, mwina tayala likanakhala ndi mpweya wokwanira kukafika pa msewu.

Pogula tayala logwiritsidwa kale ntchito, monga ambiri timachitira, werengani zaka zake. M'mbali mwa tayala la galimoto muli mzere woyamba ndi zilembo DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lingakhale ndi mano ooneka bwino koma lili lokalamba, ndipo lokalambalo ndi limene munga, chitsa, ngakhale kachipolopolo ka mwana kamalowa mosavuta.

Zonsezi ndi ndalama. Mitengo ya mphira timalima ndithu ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, koma matayala a galimoto ndi thirakitala timagula kuchokera kunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti m'mwezi wa Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, matayala ndi machubu omwe. N'chifukwa chake mlimi akapeza tayala laphwa mtima umakwera msanga, ngati mmene unakwerera wanga.

Kwa amene muli ndi mfuti yotere pakhomo

Sindikunena kuti mfuti ya mpweya ilibe ntchito pa munda. Imathandiza pa makoswe a m'nkhokwe ndi m'khola la nkhuku, kumene mankhwala a makoswe angaphe ziweto. Koma pa anyani ndi apusi amene amatsika m'mapiri kudzadya chimanga, ingovulaza chabe, nyamayo n'kukavutika ndi bala kuthengo. Galu wa mnansi kapena mbuzi yolowa m'dimba ikaomberedwa, kachipolopolo kamakhala pansi pa khungu, bala limaola, ndipo mlandu wake umaposa ndiwo zimene mbuziyo inadya.

Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana. Anyamata ali ndi chizolowezi chosunga tizipolopolo m'kamwa pamene akusaka, kuti azitenga msanga. Aletseni. Mbalame yophedwa ndi mfuti imeneyi muichotse kachipolopolo musanaphike, ndipo musaombere makoswe pamwamba pa chimanga chotong'ola chimene chikupita ku chigayo.

Dziko lino lili ndi lamulo la mfuti, Firearms Act, la chaka cha 1967. Zimene zimaloledwa ku South Africa si kuti zaloledwanso kuno. Musanagule kapena kulandira mfuti ya mtundu uliwonse, pitani ku polisi ku Rumphi boma mukafotokoze mtundu wake ndi msinkhu wake, akuuzeni za chiphaso. Kumbukiraninso kuti tili pafupi ndi Nyika ndi Vwaza. Kulowa ndi chida chosakira m'malo otetezedwa amenewa ndi mlandu, ndipo lamulo la nyama zakuthengo litakonzedwanso m'chaka cha 2017 zilango zake zinakula, zina mpaka zaka 30 m'ndende pa nyama zotetezedwa kwambiri.

Kwa mnansi wanga ndinapita ndi tambala ndi mkulu mmodzi wa m'mudzi wondiperekeza. Anandilandira bwino, ngakhale amayi a pakhomopo anandikumbutsa kuti pepani sapoletsa chilonda, ndipo anatenga milungu itatu asanayambenso kubwera kudzapala moto kwathu. Mnyamata uja ndinamuitana ndekha n'kumuuza pamaso pa bambo ake kuti sananame. Chiyambire tsiku la chitini chija, mfutiyo imakhala m'chipinda cha bamboyo, tizipolopolo m'thumba la jekete lawo, ndipo mwanayo amaigwira pokhapokha iwo ali pomwepo, kumunda, kutali ndi nyumba. Mabelo anga anakwera lole ya sabata yotsatira. Munga uja ndinausunga m'kabokosi ka machesi, ndipo ngolo tsopano imagona m'chigafa, itakwezedwa pa zipika ziwiri za mtengo wa muwanga.